Yankho kwa m'bale wa Flask ndi Cassandra: Session imodzi, osati yatsopano pa tsamba lililonse

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa m'bale wina amene akupanga pulogalamu ya pa intaneti ndi Flask (chida cha Python chopangira mapulogalamu otere), ndipo deta yake akuisunga mu database ya Apache Cassandra pa makina atatu. Akudandaula zinthu zitatu: masamba akuchedwa kutseguka, nthawi zina pulogalamu ikugwa ndi uthenga wa NoHostAvailable (kutanthauza kuti sinapeze makina a Cassandra oti aiyankhe), ndipo pena akalemba kanthu n'kukawerenga nthawi yomweyo, sakukapeza. Anatumizanso code yake, ndiye ndiyankha poyera chifukwa ambiri amakodwa pamalo omwewa.

Achimwene, vuto lalikulu lili pa mizere yoyambirira yomwe. Munthu aliyense akatsegula tsamba, inu mukupanga Cluster yatsopano (chinthu chimene chimaimira gulu la makina a Cassandra mu code yanu), n'kuitana connect, n'kufunsa funso limodzi, kenako n'kutseka. Ndikudziwa komwe chizolowezichi chachokera: amene tinayamba ndi PHP ndi MySQL tinkachita choncho, ndipo zinkayenda. Koma cassandra-driver, driver imene imalumikiza Python ndi Cassandra, ndi ina. Mukaitana connect, driver imalumikiza pa port 9042 ku makina amodzi mwa omwe mwaipatsa, imawerenga matebulo a system.local ndi system.peers kuti idziwe makina onse amene ali m'gululo, imakoka mndandanda wa ma keyspace (magulu a matebulo) ndi matebulo anu onse, imawerengetsa kuti deta yanji imakhala pa makina ati, kenako imatsegula njira yopita ku makina aliwonse. Ntchito yonseyi mukuichita kuti mufunse funso limodzi lokha. Zili ngati kusonkha moto watsopano nthawi iliyonse mlendo akapempha tiyi.

Pangani Cluster imodzi ndi Session imodzi (njira yotumizira mafunso imene connect imakupatsani) pulogalamu ikamayamba, ndipo zikhale zomwezo mpaka izimitsidwe. Session inapangidwa kuti ma thread ambiri aigwiritse ntchito pamodzi, musaope.

Apa pali msampha umodzi, ndipo popeza mwati mumagwiritsa ntchito gunicorn (seva imene imayendetsa pulogalamu yanu ya Flask), ukukukhudzani. Gunicorn imayambitsa process yaikulu, kenako n'kuibereka kukhala ma worker angapo kudzera mu fork, njira yokopera process kuti pakhale ina. Driver ili ndi thread yake imene imamvetsera mayankho ochokera ku Cassandra, ndipo thread imeneyo siwolokera kwa ana a fork. Mukapanga Session fork isanachitike, ma worker amalandira Session yooneka yabwinobwino koma yogontha: mafunso amangodikira mpaka masekondi 10 atha, n'kulephera. Ndiye ipangeni mkati mwa post_fork mu fayilo ya gunicorn, worker aliyense akhale ndi yake.

Za NoHostAvailable, ndikukayikira zinthu ziwiri. Choyamba ndi chipwirikiti chotsegula ndi kutseka chomwechi. Chachiwiri, ma adiresi amene mumapatsa Cluster ndi poyambira chabe. Pambuyo pake driver imatsatira ma adiresi amene makinawo akudzitchula okha. Ngati Cassandra yanu ili mu Docker kapena kuseri kwa NAT, makinawo akhoza kumalengeza adiresi ya mkati imene pulogalamu yanu singaifikire. Onani rpc_address ndi broadcast_rpc_address mu cassandra.yaml. Ndipo musapereke adiresi imodzi yokha poyambira, chifukwa tsiku limene makina amenewo azima pulogalamu yanu sidzadzuka.

Funso lachitatu ndi limene ndikufuna mulimvetse bwino, chifukwa si vuto la driver ayi, ndi mmene Cassandra inapangidwira. Inabadwira ku Facebook, inatulutsidwa poyera mu 2008, ndipo cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali chakuti izigwirabe ntchito ngakhale makina ena atafa. Mukaika replication factor ya 3, mzere uliwonse umasungidwa m'makina atatu. Koma driver ya Python, mukapanda kuiuza kanthu, imagwiritsa ntchito LOCAL_ONE: makina amodzi akavomera kuti alemba, imakuuzani kuti zatheka. Mukawerenga pompopompo, funso likhoza kugwera pa makina ena amene uthengawo sunawafike. Deta sinatayike, yangochedwa.

Mankhwala ake ndi LOCAL_QUORUM polemba ndi powerenga pomwe, yoikidwa mu ExecutionProfile, momwe mumauzira driver mmene iziyendetsera mafunso. Pa makope atatu, quorum ndi awiri. Awiri alemba, awiri afunsidwa, ndiye mwa ofunsidwawo m'modzi ayenera kukhala ndi zatsopano. Makina amodzi atazima, zonse zikuyendabe. Inde, mudzadikira pang'ono kuposa kale, koma pa zinthu ngati ndalama za kasitomala kapena kusintha password, ine sindingalole zina. LOCAL_ONE isiyireni zinthu ngati kuwerenga anthu amene atsegula tsamba. Muonetsetsenso kuti mawotchi a makina anu onse akugwirizana kudzera mu NTP, chifukwa zolemba ziwiri zikasemphana Cassandra imasunga chimene chili ndi nthawi ya pambuyo, ndipo nthawiyo driver imaitenga pa kompyuta imene pulogalamu yanu ikuyendera.

Chinanso chimene ndaona mu code yanu, ngakhale simunafunse: mukulumikiza mawu a CQL, chinenero chofunsira Cassandra, pogwiritsa ntchito f-string ya Python. Lekani zimenezo lero. Gwiritsani ntchito session.prepare kamodzi poyamba, muike chizindikiro cha ? pamalo a zinthu zosinthasintha. Kupatula kutsekereza anthu olowetsa malamulo oipa, funso lokonzedwa chonchi limathandiza driver kudziwa partition key, mbali ya mzere imene imasankha makina ousungira, ndiye imalitumiza molunjika ku makina amene ali ndi detayo m'malo modutsira pa ena. ALLOW FILTERING imene mwaika pa funso la makasitomala ichotseninso. Ikusonyeza kuti tebulolo silinapangidwe molingana ndi funso lanu, ndipo mu Cassandra njira yake ndi kupanga tebulo lina logwirizana ndi funsolo.

Mukakonza izi, thamangitsani nodetool status pa makina amodzi. Onse atatu aonetse UN kumayambiriro kwa mzere, kutanthauza kuti akuyenda bwino. Ngati pali DN, kutanthauza kuti makinawo sakuyankha, nditumizireni zimene zalembedwa mu system.log ya makinawo tione pamodzi.