Mwafunsa, Tayankha: Okonda nkhani zopeka za sayansi ku Los Angeles

Funso: Ndinamva kuti ku Los Angeles kuli gulu la okonda nkhani zopeka za sayansi lomwe linayamba nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanabuke. Kunalibe intaneti, nanga ankapezana bwanji? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Chinawalumikiza ndi keyala. Hugo Gernsback atayambitsa magazini ya Amazing Stories mu 1926, ankasindikiza makalata a owerenga pamodzi ndi keyala zawo. Munthu akaona kuti wolemba kalatayo ndi wa mumzinda wake, ankamulembera, chinzake n'kuyambira pomwepo. Mu 1934 Gernsback anakhazikitsa bungwe la Science Fiction League kudzera m'magazini yake ina, Wonder Stories. Kunena zoona, anali pa malonda. Nthambi yachinayi inatsegulidwa ku Los Angeles mu Okutobala chaka chomwecho. Bungwe lalikululo linazilala, koma nthambiyi inatsala, ndipo mu 1940 inatenga dzina loti Los Angeles Science Fantasy Society, mwachidule LASFS.

Ankakumana Lachinayi madzulo m'chipinda china cha malo odyera a Clifton's Cafeteria, kumene wosowa ndalama sankabwezedwa ndi njala. Kwa anyamata a matumba obooka, monga Ray Bradbury, yemwe analowa mu 1937 ali ndi zaka 17 ndipo anadzakhala mlembi wotchuka, imeneyo sinali nkhani yaing'ono.

Funso: Ndinamva kuti okonda nkhaniwa ankatulutsa timagazini tawotawo. Ankatisindikiza motani, poti analibe ndalama zopitira ku kampani yosindikiza? (Mphunzitsi wa ku Mchinji)

Yankho: Njira yotchipa inali hectograph. Ankasungunula jeletini ndi gilisalini m'madzi, n'kuthira m'thireyi kuti zilimbe. Tsamba ankalilemba ndi inki yapadera ya pepo, n'kulivundikira pa jeletiniyo kwa kanthawi kuti inki itsalire pamenepo. Kenako ankasanjikapo mapepala oyera limodzilimodzi. Pofika pa mapepala pafupifupi 50 zilembo zinkakhala zitafwifwa, ndipo kukatentha jeletini inkafewa n'kumatirira ku pepala.

Ofuna makope ambiri ankagwiritsa ntchito makina a stensulo, ofanana ndi a Gestetner aja amene ankasindikiza mayeso m'sukulu zathu. Stensulo ndi pepala lopakidwa phula. Umachotsa kaye riboni pa taipilaita kuti chilembo chiboole phulalo mwachindunji. Apa pamafunika dzanja lodziwa: ukamenya mwamphamvu, pakati pa "o" pamathothoka ndipo pa tsamba pamatuluka kadontho kakuda, ukamenya monyengerera inki siidutsa. Ukalakwitsa umapakapo mankhwala otseka bowolo, n'kudikira aume usanalembenso. Stensulo ikakulungidwa pa ng'oma ya inki, umapukusa chogwirira. Inki ikachuluka imadetsa kumsana kwa pepala lotsatira, n'chifukwa chake osamala ankalowetsa pepala lachabe pakati pa masamba. Kusanja masamba ndi kuwamenya sitepula inali ntchito ya gulu, anthu atazungulira tebulo.

Funso: Magulu ambiri amafa oyambitsa akatopa. Ili la ku Los Angeles lapulumuka bwanji? (Mlembi wa kalabu yowerenga mabuku, Lilongwe)

Yankho: Si kuti kunalibe mikangano, inalipo yoopsa. Koma taonani za ku New York: pa Worldcon yoyamba, msonkhano waukulu wa okonda nkhani zopeka za sayansi, mu Julayi 1939, pomwe panabwera anthu pafupifupi 200, okonza anatsekera kunja mamembala asanu ndi mmodzi a Futurians, gulu la okonda nkhanizi la mumzindawo, ndipo gululo linadzasweka mu 1945. A ku Los Angeles anakakamira tsiku lawo. Yemwe wanyanyala ankadziwa kuti Lachinayi lililonse anzake awapeza.

China ndi nyumba. Atatopa ndi kusamukasamuka m'malo a lendi, anatsegula thumba lapadera losonkhera ndalama zogulira malo. Mu 1973 anagula nyumba pa msewu wa Ventura Boulevard, ndipo itawachepera anasamukira ku North Hollywood mu 1977, mabuku awo obwereketsa n'kupeza pokhala. Umembala wake ndi wa moyo wonse, mpaka amaseka okhaokha kuti ngakhale imfa sikuchotsa m'kaundula.