Rimoti ikhale patebulo, mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ana atatu. Ana awo amakonda filimu ya Home Alone nyengo ya Khirisimasi, ndiye akufuna kuigwiritsa ntchito powaphunzitsa makhalidwe a Chikhristu. Andipempha kuti ndiwalembere mafunso oti aziimitsa filimuyo n'kumawafunsa anawo.

Mayi, mwandikumbutsa bambo anga. Anali munthu woopa Mulungu, wokonda ana ake, ndipo sindikuwanyoza. Koma tikakhala pansi kuonera vidiyo, rimoti inkakhala m'manja mwawo basi. Nkhani ikafika pokoma, tonse makosi tatalikitsa, chithunzi chinkangoima. Kenako mawu awo: "Tandiuzani, mnyamatayu wachita bwino?" Ife tonse pamodzi: "Ayi bambo." "Chifukwa chiyani?" Apa m'pamene mchemwali wanga ankatipulumutsa. Iye anali ndi mavesi ake okonzeratu, Aefeso 6:1 ndi Miyambo 22:6, ndipo ankangoponya limodzi mosayang'ana n'komwe ngati likugwirizana ndi zimene taonazo. Bambo ankagwedeza mutu mokhutira, filimu n'kupitirira. Mng'ono wanga yekha ndi amene sankabisa. Ankadzuka n'kupita kukagona, ndipo mpaka lero munthu akayamba kufotokoza tanthauzo la filimu amatuluka panja. Chimene tinaphunzira m'chipinda chija ndi luso lodziwa yankho lomwe wamkulu akufuna n'kulipereka msanga. Luso limenelo ana amalitola mofulumira zedi, ndipo akalitola, inu mumaganiza kuti mawu alowa pomwe iwo akungodikira kuti mudinenso batani.

Choncho mafunso oimitsira filimu sindilemba. Ndikunena mosapsatira.

Komanso tisaibatize filimuyi. Home Alone inatuluka mu 1990, anailemba ndi John Hughes, anaitsogolera ndi Chris Columbus, ndipo cholinga chake chinali kuseketsa anthu. Kevin, mwana wa zaka 8, wakwiya ndi abale ake mpaka kulakalaka atangosowa onse. M'mawa mwake banja lonse likukwera ndege kupita ku Paris, iye ataiwalika m'chipinda cham'mwamba. Dzina la Yesu silikulalikidwa mmenemo. Ena amayesetsa kukoka nkhaniyi kuti Kevin akhale Davide ndipo akuba awiri ofuna kuthyola nyumba ya kwawo, Harry ndi Marv, akhale Goliati. Zimenezo ana amaziona kuti n'zokakamiza, ndipo amatiseka chamumtima.

Koma muli gawo limodzi lomwe ndimalilemekeza kwambiri. Pali mkulu wina woyandikana nawo nyumba, a Marley, amene amayenda ndi fosholo kuchotsa chipale chofewa mumsewu. Buzz, mkulu wake wa Kevin, anauza ana anzake kuti mkuluyo anapha anthu ndi fosholo yomweyo. Kevin akangowaona amathawa, mpaka tsiku lina anatuluka m'sitolo ndi mswachi osalipira chifukwa cha mantha. Ndiyeno usiku woti mawa lake ndi Khirisimasi, Kevin akulowa m'tchalitchi, kwaya ikuyeserera nyimbo, ndipo mkulu uja akubwera kudzakhala naye pa benchi. Zikudziwika kuti anakangana ndi mwana wake wamwamuna zaka zapitazo, salankhulana, ndipo wabwera kudzamvera mdzukulu wake akuimba pa nthawi yoyeserera chifukwa nthawi ina sangathe kumuona. Akuopa kumuimbira foni mwana wakeyo, kuti mwina samuyankha. Kamwana ka zaka 8 ndi kamene kakumulimbitsa mtima kuti aimbe.

Mwana wanga wamkazi ataona gawo limeneli sananene kanthu. Anaseka za akuba mpaka misozi, n'kukagona. Patapita masiku, tikutsuka mbale, anangofunsa mwadzidzidzi: "Nanga Buzz anapepesa kwa agogo aja?" Ndinamuuza kuti filimuyo sionetsa zimenezo. Anakhala kaye chete, kenako n'kunena kuti kusukulu kwawo kuli mtsikana amene aliyense amamunena kuti ndi wakuba, koma palibe anamuonapo akuba. Tinacheza mpaka madzi otsukira anazizira. Lamulo la pa Eksodo 20:16, loletsa kuchitira mnzako umboni wonama, linalowa lokha m'machezawo, iye atayamba kale kulifunafuna.

Ndimadabwa kuti ife Akhristu, amene Mbuye wathu ankaphunzitsa ndi nthano, timaziopa nthano chonchi. Marko 4:34 akuti Yesu sankalankhula ndi khamu popanda fanizo, ndipo ankamasulira pambuyo pake, ali payekha ndi ophunzira ake. Mneneri Natani pa 2 Samueli 12 sanadule nkhani ya kamwana ka nkhosa pakati kuti afunse Davide ngati wolemera uja wachita bwino. Anaisiya ithe, Davide anapsa mtima yekha, ndipo pamenepo m'pamene anamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Ife timafuna kukolola tisanadzale n'komwe.

Ndipo poti tikunena za mwana woiwalika, mwaiwala Luka 2:41-52? Yosefe ndi Mariya anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kuchoka ku Yerusalemu akuganiza kuti Yesu, wa zaka 12, ali pakati pa abale. Anamupeza patapita masiku atatu, m'kachisi. Ana amaikonda nkhani imeneyi chifukwa makolo ndi amene akuvutika mmenemo. Ine ndimaikonda chifukwa cha mawu a Mariya, omwe ndi a mayi aliyense amene mtima unali m'mwamba ndipo tsopano sakudziwa ngati akalipe kapena akumbatire.

Za akuba aja

Ena amandilembera kuti filimuyi ndi yankhanza, ndipo sakunama kwenikweni. Simbi yositira ikugwera munthu kumaso, wina akuponda msomali, wina akupsa mutu, zitini za penti zikuwamenya onse awiri. M'moyo weniweni anthu amenewa akanafa. Ana ambiri amadziwa kuti ndi sewero, koma ndi bwino kuwauza kamodzi, filimu isanayambe, kuti misampha imene Kevin akutchera akubawo siyoyesera pa mng'ono wawo. Chimene chimandivuta ine kwambiri ndi pakamwa pa anthu a m'banja lija kumayambiriro: kutukwanizana, kunyozana, munthu wamkulu ngati Frank, mchimwene wa bambo ake a Kevin, kunyoza mwana pamaso pa onse popanda womudzudzula. Ana anu akadzafunsa za chilango chomwe Kevin analandira chokagona yekha m'chipinda cham'mwamba, musathamangire kuikira kumbuyo akuluakuluwo chabe chifukwa ndi akuluakulu. Aefeso 6 yomwe mchemwali wanga ankaikonda ija ili ndi vesi 4, loletsa atate kukwiyitsa ana awo, ndipo ilo sitinkalimva kawirikawiri.

Tsono chochita n'chochepa. Ionereni nokha kaye ngati papita nthawi. Khalani nawo pansi, foni kutali, ndipo museke nawo. Ikatha musafunse kanthu usiku umenewo. Mawa lake kapena mkuja, funsani funso limodzi lomwe inunso simukudziwa mmene ayankhire, monga kuti iwo akanakhala mwana wa a Marley akanailandira foniyo kapena ayi. Akafuna kupitiriza, werengani nawo Luka 15:11-32, fanizo la mwana wolowerera. Akapanda kufuna, zisiyeni. Wamng'ono wanuyo ngati sanakwane zaka 6, mumuyang'anitsitse pa gawo la ng'anjo ya m'chipinda chapansi ndi pomwe kangaude wamkulu akuikidwa pankhope ya Marv, chifukwa ena amalota nazo.