Achimwene, timu yanga ndi yokoma mpaka Khirisimasi

Eee achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona mmawa, loti draft ya dzulo pa 10 Ogasiti 2025, masewero aja otolerana osewera a Premier League pafoni, inayenda bwanji ndipo ndatola ndani. Kulemba sindingathe, nkhani yake ndi yaitali, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Amayi ngati mukumvera, musadandaule, si juga iyi, palibe ndalama yomwe yalowa. Tinangopangana kuti womaliza pa tebulo adzagula nkhuku ziwiri mu Meyi, basi.

Ndiyambe ndi zomwe munafunsa zoti ikusiyana pati ndi Fantasy Premier League ija mumasewera inu. Kwanuko amakupatsani 100 miliyoni, mumagula aliyense, ndipo tonse tikhoza kukhala ndi Salah mmodzimodziyo n'kumupatsa ukaputeni. Ku draft kulibe ndalama, kulibe kaputeni, ndipo wosewera akatengedwa watengedwa, ndi wa munthu mmodzi mu ligi yonse. Tinalipo anthu 8, aliyense kutola osewera 15: magoloboyi 2, otseka kumbuyo 5, apakati 5, akutsogolo 3. Mndandanda wake umayenda ngati njoka. Woyamba kutola mu raundi yoyamba amakhala womaliza mu yachiwiri, kenako woyambanso mu yachitatu.

Ndiye maere anandigwera ine, nambala 1. Ndinakuwa m'nyumba muno mpaka mlamu wanu anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja kuti kwagwanji. Ndinatenga Salah wa Liverpool, sindinaganize n'komwe kawiri. Munthu wagoletsa zigoli 29 ndi kupatsira 18 sizoni yathayi, mapointi 344, ungamusiye bwanji? Komanso iye amawerengedwa ngati wapakati, ndiye chigoli chake ndi mapointi 5, pomwe cha wakutsogolo ndi 4. Inde dzulo lomwelo anaponya penate kumwamba pa Community Shield, gemu ya chikho yotsogolera sizoni, ndi Crystal Palace, koma zimenezo sizinandisunthe. Msuweni wathu uja anali nambala 2, anangodumphira Haaland.

Koma achimwene, nambala 1 ndi yokoma dzina lokha. Ukatola woyamba umakhala pansi n'kumaonerera anthu 14 akuchoka, chifukwa umabweranso pa nambala 16 ndi 17. Ndinangoona Palmer wapita, Saka wapita, Bruno Fernandes wapita, Wirtz, Gyökeres, onse, ine foni ili m'manja ngati mwana woyang'ana nsima ya eni.

Itafika nthawi yanga ndinatenga Mbeumo. Zigoli 20 ku Brentford, pano ali ku Manchester United, ndipo inu mukudziwa kumene mtima wanga uli. Ameneyo sindikudandaula kwenikweni, ngakhale ndikudziwa kuti zina mwa zigoli zija zinali mapenate, ndipo ku United mapenate ndi a Bruno. Kenako ndinaona Isak akadali pamndandanda. Munthu wa zigoli 23, anthu 7 amudumpha aliyense kawiri. Mutu unandiuza kuti pali chifukwa chake, mtima n'kuti tola mphwanga, mwayi sudziwika. Ndinatola. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: wanyanyala ku Newcastle, sanapite nawo ku Asia kokonzekera sizoni, akufuna Liverpool, ndipo msika wogula osewera utsekedwa pa 1 Seputembala. Mapanga awiri avumbwitsa, koma wovumbwa pano ndi ine, chifukwa iye malipiro akulandira, ine mapointi ziro.

Mwina mukuti apo basi ndinaphunzira. Ayi ndithu. Pa nambala 32 ndinatenga Wissa. Zigoli 19, nayenso akukangana ndi timu yake, akufuna kuchoka ku Brentford. Ndiye tangoganizani, pa akutsogolo atatu, awiri sakudziwika kuti Loweruka adzavala jezi ya mtundu wanji, kapena ngati adzavale n'komwe. Wachitatu ndinamutola kumapeto kwenikweni, Piroe wa Leeds. Anagoletsa 19 ku Championship, ligi yachiwiri ya ku England, koma Championship si Premier League, tinaona matimu onse atatu omwe anakwera chaka chatha atabwerera pompo. Ameneyo ndiye akundinyamulira kutsogolo sabata yoyambayi. Chosekesa n'choti Leeds ikukumana ndi Everton Lolemba pa 18, ndipo kumbuyo kwanga kuli Tarkowski wa Everton. Piroe akagoletsa, Tarkowski wataya mapointi 4 a kusagoletsetsa. Ndidzakhala ndikusapota mbali zonse ziwiri ngati mkhalapakati wa ukwati.

Koma zimenezi ndi zazing'ono. Chomwe chandisowetsa tulo ndinachizindikira cha m'ma 11 usiku, draft itatha, ndikuyang'ana timu yanga pafoni monyadira. Ndinayamba kuwerenga mayiko. Salah, Egypt. Mbeumo, Cameroon. Wissa, DR Congo. Sarr wa Palace, Senegal. Aït-Nouri, yemwe wachoka ku Wolves kupita ku Manchester City, Algeria. Achimwene, AFCON, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, ili ku Morocco kuyambira pa 21 Disembala mpaka pa 18 Januwale. Mayiko onsewa alimo, ndipo si matimu otuluka msanga, ena mwa iwo akakhala kumeneko mpaka kumapeto. Nthawi yake ndi yomwe ku England magemu amapanikizana, Khirisimasi mpaka chaka chatsopano, sabata imodzi kusewera kawiri. Anthu 5 pa 15 adzakhala atakwera ndege. Kwa inu si vuto lalikulu, mumangogulitsa n'kugula wina, akabwera n'kumugulanso. Ine ndikamutaya Salah, mawa lake watoledwa ndi wina ndipo sindidzamuonanso. Ndiye ndiyenera kumusunga pa benchi mwezi wathunthu, ndipo benchi ili ndi malo 4 okha, limodzi la goloboyi.

Sarr ndiye ndikuvomera, ndinamutola ndi maso a dzulo. Ndinali nditangomuona akugoletsa Liverpool pa Wembley madzulo omwewo, magazi akadali otentha. Ndi wosewera wabwino, sindikukana, koma pa nambala 48 panali ena osapita kulikonse mu Disembala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndiye pali nkhani ya Maddison wa Tottenham, imeneyi musaseke. Tinagwirizana kuti aliyense ali ndi mphindi imodzi yotolera, ikatha makina amakutolera okha kuchokera pamndandanda womwe unasungiratu. Tili cha m'kati, magetsi anathima, netiweki n'kuyamba kuzungulira. Ndinathamangira panja, kuima pafupi ndi mpanda foni ili m'mwamba, galu akundiyang'ana. Pomwe imabwerera, yanditolera Maddison. Ndinamuika pamndandanda uja mu Julayi, n'kuiwala kumuchotsa atavulala bondo ku Seoul pa gemu yokonzekera ndi Newcastle. Minyewa ya bondo ija, miyezi yambirimbiri panja. Magetsi ndingawanene, koma woiwala kukonza mndandanda ndi ine ndemwe. Ndiye werengani apakati anga mu Disembala: Salah kulibe, Mbeumo kulibe, Sarr kulibe, Maddison ali ndi ndodo. Watsala Semenyo yekha.

Semenyo ameneyo ndiye ndikunyadira, pa nambala 33. Zigoli 11 ku Bournemouth, amasewera pafupifupi gemu iliyonse, amawombera ndi miyendo yonse, ndipo Ghana inalephera kupita ku AFCON. Kunena zoona sindinaganizeko za Ghana pomutola, ndazindikira pambuyo, koma pagulu paja ndikuwauza kuti inali pulani. Raya pagolo palibe chodandaula, anagawana Golden Glove ndi Sels wa Nottingham Forest, aliyense magemu 13 osagoletsetsa. Tarkowski ndinamutola dala chifukwa cha lamulo latsopano la chaka chino: wotseka kumbuyo akachotsa mpira, kutchinga, kulanda kapena kudula mapasi kokwana ka 10 mu gemu imodzi, amapatsidwa mapointi 2 owonjezera. Bambo uja ntchito yake ndi yomweyo, kumenya mpira ndi mutu kuyambira koyamba mpaka wezulo yomaliza. Anzanga amathamangira mafulubaki okwera, ine ndinati ndipatseni wokhala pakhomo. Ena otsalawo ndi ongodzadzira malo, sindikutayitsani nawo bandulo.

Mukandifunsa kuti ndikudzipatsa zingati, osewera 11 oyamba papepala ndi 8 pa 10. Timu yomwe ndingaike m'bwalo Lachisanu lino, Liverpool ikamatsegulira ndi Bournemouth pa Anfield, mwina 5. Ndinatola mayina ndi zigoli za chaka chatha, osafunsa funso lophweka loti kodi munthuyu adzakhala m'bwalo liti ndi liti. Mlamu wathu anatola Chris Wood, Bowen, anthu osachititsa kaso, tinamuseka pagulu, koma onse akuyamba sabata ino ndipo mu Januwale adzakhalapobe. Ndipo ligi yathu ndi yokumana awiriawiri sabata iliyonse, wopambana mapointi 3, ndiye mwezi umodzi woipa ndi magemu angapo otayika osabweranso.

Panopa ndaika kale pempho la waiver, lotengera wosewera yemwe alibe mwini, kuti nditaye Maddison nditenge wapakati wina, wa timu iliyonse, bola akhale woyamba gemu ndipo pasipoti yake isakhale ya ku Africa kuno. Kungoti popeza ndinali woyamba kutola, pamzere umenewo ndili kumapeto, ndingodya zotsala. Isak ndimusunga mpaka pa 1 Seputembala, akapita ku Liverpool ndiye kuti ndaphula ngakhale mochedwa. Wissa ndikufuna kumusinthanitsa asanazindikire anthu. Msuweni uja akumufuna, wanditumizira kale uthenga mmawa, akuti andipatse Mateta. Inu mukuona bwanji, ndivomere? Mundiyankhe kumbali, osati muno, chifukwa iye ali m'gulu lomwe lino ndipo ndangozindikira kuti zonsezi azimva. Iii, basi, ndatumiza kale mumtima, zipite. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.