Yankho kwa a Nabanda: Ntozake Shange anali ndani?

A Nabanda, mwafunsa ngati filimu ya For Colored Girls ya mu 2010 anaipeka yekha Tyler Perry, wopanga mafilimu wa ku America. Ayi ndithu. Gwero lake ndi sewero la Ntozake Shange, mlakatuli wa ku America amene ankamenyera ufulu wa amayi.

Mayiyu anabadwira ku Trenton, New Jersey, mu 1948, ndipo makolo ake anamutcha Paulette Williams. Anaphunzira pa Barnard College, kenako anasiya dzinalo n'kutenga la ku Africa.

Sewerolo linafika pa Broadway, dera la mabwalo otchuka a zisudzo ku New York, mu 1976. Mulibe nkhani imodzi yoyenda kuchokera poyamba mpaka pomaliza ayi. Ndi ndakatulo zolukidwa pamodzi ndi magule komanso nyimbo. Amayi asanu ndi awiri amatulukira pabwalo opanda mayina, aliyense amangodziwika ndi mtundu wa chovala chake: wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi ena. Amasimba za kugwiriridwa, kuchotsa mimba, kusiyidwa ndi amuna. Pamene pamandiwawa ine ndi pomwe mayi wovala zofiira amafotokoza za Beau Willie, msilikali wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam, akuponya ana ake awiri pawindo mayi wawo akuona. Amuna ena akuda anakwiya kwambiri, ati sewerolo likuwanyoza. Ine sindikuona choncho. Shange anangonena poyera zimene zinkabisidwa m'nyumba.

Analembanso mabuku a nkhani, monga Sassafrass, Cypress & Indigo la mu 1982. Anamwalira mu 2018 ku Maryland. Mukapeza mpata werengani sewero lenilenilo, chifukwa filimuyo inasintha zambiri.