Funsani Malume: Mlendo uja ndi kape kapena amandiikira nyambo?

Malume,

Ine ndimasewera pool pafupifupi wikendi iliyonse, sindine shasha ayi koma pamalo pomwe timasewerapo ndili m'gulu la anthu amene akakwera patebulo amachedwa kutsika. Loweruka lapitali panabwera mkulu wina wachilendo, botolo kumanja, akuyenda ngati zamukwana kale, ndiye akuti tiyeni tiikepo kangachepe kongokometsera gemu. Ndinamudya magemu atatu otsatizana, iye akuphonya mipira yoti ngakhale mwana angagwetse. Kenako anayamba kudandaula kuti aaa akulu ndipatseniko mpata ndibweze zanga, tikweze kasanu. Ine poona mmene amaseweramo ndinati bwerani. Anawina koma movutikira, tonse tinali titatsala ndi bulaki, mpira wakuda womalizira uja. Tinabwereza anawinanso chimodzimodzi, kachitatu chimodzimodzinso, ndinabwerera kunyumba m'thumba muli mbee. Anzanga ena akuti linali tsoka chabe, ena akuti ndinaseweredwa. Zoona ndi ziti, nanga tsiku lina munthu wotere ndingamudziwe bwanji ndisanapise m'thumba?

Wodyeredwa

Mphwanga,

Tiyambe tawerengera kaye. Unawina magemu 3, iye anawina magemu 3, pa magemu ndinu ofanana. Koma iwe unadya katatu pa mtengo waung'ono, iye anadya katatu pa mtengo wokwera kasanu, ndiye kuti iwe 3 iye 15, wapita ndi 12 yako. Magemu ofanana koma ndalama zonse zapita mbali imodzi, ndipo amene anasankha nthawi yokweza ndi yemweyo amene anayamba kuwina atangokweza. Tsoka silidziwa kuwerenga chonchi mphwanga. Unaseweredwa, ndipo mwaluso ndithu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, magemu atatu oyamba aja inali nthawi yako yokondwa.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'choti maso awo amakhala pa mpira umene ukupita kubowo. Wagwa, sunagwe, basi. Munthu wobisa luso amadziwa zimenezo ndiye amakupatsa zomwe ukufuna kuona, amaphonya. Kuphonya dala n'kosavuta, ungosuntha pang'ono pomwe ukuloza mpira umenya m'mphepete mwa bowo n'kubwerera. Chovuta kubisa ndi woyera, mpira uja umamenya ndi ndodo kuti ukagunde inzake. Ulendo wina usamayang'ane mpira umene waphonyedwawo, yang'ana pomwe woyera wakaima. Kape weniweni akaphonya woyera amangoyendayenda tebulo lonse ngati wasokera, nthawi zina kugwera m'bowo, nthawi zambiri kukusiyira shoti yaulere. Koma ukaona munthu akuphonya koma nthawi zonse woyera akukaima kuseri kwa mpira wake, kapena wakakamira kukhushoni kutali uko moti iwe ulibe poyambira, kamodzi ndi mwayi, kawiri mwina, kachitatu dziwa kuti dzanja limenelo likudziwa chomwe likuchita. Ndipo ena ochenjera kwambiri pophonyapo amasiya mpira wawo utatseka pakamwa pa bowo, iwe n'kumaseka kuti waphonya pomwe wakutsekera njira ndipo mpira umenewo adzaugwetsa nthawi yomwe akufuna.

Mu kalata yako muli mawu amene andigwira mtima, akuti anawina movutikira, katatu konse, tonse titatsala ndi bulaki. Apa ndi pomwe pali luso lenileni. Akanakuswa osakupatsa ndi shoti imodzi yomwe ukanaika ndodo pansi gemu yoyamba yomweyo n'kumapita. Iye amafuna uzichoka pa gemu iliyonse ukunena kuti ndinangotsala pang'ono, ikubwerayi ndi yanga. Mu 8-ball, mtundu wa pool umene mumasewerawo, aliyense ali ndi mipira 7 kenako bulaki, ndipo osewera akale amadziwa kuti amene wagwetsa yake yambiri msanga osamaliza amakhala wadzipweteka yekha, chifukwa wamuchotsera mnzake zotchinga zonse tebulo layera, ndipo iye watsala ndi mpira umodzi kapena iwiri yoti n'kosavuta kumubisira. Ndiye akakulola kugwetsa isanu ndi umodzi iwe n'kumadziona ngati uli patsogolo, iye akungodikira kuti tebulo litseguke.

Thupinso limaulula. Munthu atha kunamizira kuledzera poyenda ndi polankhula, koma taona akawerama. Miyendo imaima malo omwewo shoti iliyonse, mutu umatsika bwinobwino pamwamba pa ndodo ndipo sudzuka mpaka mpira utapita, dzanja lapatebulo limakhazikika osagwedera, ndodo imapita chowongoka n'kupitirira ikamenya mpira osati kungojompha n'kubwerera. Zimenezi ndi zaka zambiri patebulo, thupi linazolowera ndipo limaiwala kunama. Ena amayesa kugwira ndodo mopusa dala koma pakafika shoti yofunika dzanja limabwerera lokha kwawo. Choko chopaka kunsonga kwa ndodo nachonso, wosadziwa amapaka akakumbukira kapena ndodo ikatsetsereka, ndipo amachita kuboola choko ngati akupekesa moto. Wozolowera amapaka mopepuka, pafupifupi shoti iliyonse, maso ali patebulo osati pa chokocho. Posankha ndodo, kape amatenga iliyonse kapena amasankha yokongola, wodziwa amayamba wayang'ana kunsonga kuti kachikopa kali bwanji. Nanga botolo lija, unaliona likutsika? Ambiri amaligwira usiku wonse lomwelo.

Koma ndikuuze chilungamo, zizindikiro zonsezi zimagwira akathyali apakatikati. Amene anafikapo amabisa ndi zimenezi zomwe. Efren Reyes wa ku Philippines, amene anthu ambiri amamutenga ngati katswiri woposa onse amene anagwirapo ndodo, mu 1985 analowa mpikisano wa 9-ball, mtundu wina wa pool, ku Houston ku America pogwiritsa ntchito dzina loti Cesar Morales, n'kuwina mpikisanowo. Munthu yemweyo anadzakhala katswiri wa dziko lonse wa 9-ball mu 1999. Tangoganiza anthu amene anamuona koyamba tsiku limenelo, munthu wooneka wamba, womwetuliramwetulira, dzina losadziwika. M'masewera obetcha dzina likatchuka anthu amakuthawa, n'chifukwa chake odziwa amakonda malo omwe sakudziwika. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu ananena zimenezi poyamikira alendo, koma patebulo la pool kalumoko kamameta iweyo.

Ndiye poti maso atha kunamizidwa, chitetezo chenicheni chili pa ndalama. Chizindikiro chimene sichibisika ndi nthawi yokweza, chifukwa popanda kukweza iye sapindula kanthu, ntchito yonse ija ya kuphonya dala imakhala yapita pachabe. Munthu amene waluza katatu motsatizana mwachilungamo nthawi zambiri amafuna kutsitsa, kapena kusiya, kapena kupempha kuti umupatse poyambira, kutanthauza kuti ayambe gemu ali kale patsogolo pang'ono. Woluza amene akupempha kukweza kasanu ndi mmodzi mwa awiri, wopsa mtima amene mutu wasiya kugwira kapena wodziwa chimene wasunga. Mayeso ake ndi osavuta, umangoti ayi akulu tipitirize pomwepa. Wofuna kusewera amapitiriza. Wobwera kuntchito amayamba kukunyogodola, mwachita mantha eti, ndimayesa ndinu madolo pano, ndipo ukakanitsitsa posakhalitsa umuona wasiya ndodo akuyang'ana tebulo lina. Mawu onyoza aja ndi chida chake, akudziwa kuti pali anzako akuonerera ndipo sufuna kuoneka wamantha.

Ndipo usadzamvere zija amati tibwereze, ukawina ngongole yatha ukaluza iwirikiza. Zimamveka ngati akukuchitira chifundo. Werenga wekha, 1, 2, 4, 8, 16, 32. Magemu 6 okha ngongole yakula ka 32, ndipo ngati munthuyo amakuposa gemu yopulumukira ija sibwera.

Malume,

Ine vuto langa ndi lina. Ndinasewera ndi mnyamata wina amene sindimamudziwa, tinagwirizana gemu imodzi yokha, ndinawina bwinobwino ndipo sanapemphe kukweza. Koma pambuyo pake ndinamva kuti mnzake amene anakhala pakona amabetcha ndi anthu oonerera, ndipo amabetchera ine osati mnzakeyo. Ndiye mutu wanga sukugwira, anandibera chani poti ndalama yanga ndinalandira?

Wodabwa

Achimwene,

Inu sanakubereni, anakugwiritsani ntchito ngati khasu. Obedwa ndi oonerera aja. Zimayenda chonchi, mnyamatayo amayamba waonetsa luso lake lonse pa magemu angapo kuti aliyense pamalopo aone kuti uyu ndi moto, anthu n'kuyamba kufuna kumubetchera. Mnzake uja, amene amakhala ngati sakudziwana naye, amalandira mabetcha onsewo iye n'kuima mbali yanu. Kenako shasha ija imaluza dala. Kangachepe kamene munadya inu ndi mtengo wa nyambo, zenizeni anatolera kumbali n'kukagawana panja. Ndi chinyengo choipa kuposa chija chobisa luso, chifukwa wobetcha kumbali alibe ndodo m'manja, palibe chimene angachite kuti adzipulumutse.

Ndiye mukamasewera ndi mlendo maso asamangokhala patebulo. Onani amene analowa naye, kapena amene analowa patangopita mphindi zochepa n'kukakhala patali. Nthawi zina wachitatuyo ndi munthu wa pamalo pomwepo amene mumamudziwa, ntchito yake ndi kuloza kuti uyo ali ndi ndalama lero, uyo sachedwa kupsa mtima, uyo akamwa awiri amadziona ngati katswiri. Ndipo ngati ndinu woonerera, kubetcha pa gemu ya anthu awiri amene simukuwadziwa ndi kuponya ndalama m'chitsime. Chinanso, anthu akazindikira kuti gemu inagulitsidwa sayamba afufuza kuti ndani amadziwa ndani samadziwa, inu amene munawina mumaoneka ngati munali m'gulu. Mukaona ndalama zakumbali zikuposa zapatebulo, malizani gemu yanu muzikapuma.

Malume,

Ine ndi mayi, ndimasewera bwino ndithu kuposa abambo ambiri amene ndimakumana nawo. Akandiona amangoganiza kuti sinditha ndiye amabwera okha kudzapempha kubetcha, ndikawadya ayamba kulalata kuti ndawabera. Kodi pamenepa wakuba ndine?

Wosalakwa

Achemwali,

Ayi. Ngati mukusewera mmene mumaseweramo kuyambira shoti yoyamba, simunaphonye dala, simunanene kuti aka n'koyamba kugwira ndodo, ndiye kuti amene wawanamiza ndi maso awo omwe. Palibe lamulo loti munthu azilengeza luso lake asanaswe mipira. Chinyengo chimayamba pomwe munthu wapanga bodza, kaya ndi pakamwa kaya ndi ndodo, kuti mnzake aike ndalama zimene sakanaika. Koma poti olalatawo sasiya, ndalama zonse ziwiri zizikhala kwa munthu wachitatu gemu isanayambe, zoti ndikupatsani tikamaliza zimabala mikangano. Ndipo malamulo muzigwirizana poyamba, chifukwa pool ili ndi malamulo osiyanasiyana, ena faulo ndi mashoti awiri, ena faulo mnzako amaika woyera pomwe akufuna, ena bulaki umayenera kutchula bowo. Woluza amakumbukira lamulo latsopano bulaki atagwa kale.

Malume,

Nanga ngati ndafunabe kusewera ndi mlendo pa ndalama, yabwino ndi iti, gemu imodziimodzi kapena woyamba kufika magemu asanu?

Wosamva

Mphwanga,

Dzina wadzipatsa wekha. Yankho likudalira amene ali bwino pakati pa awirinu. Gemu imodzi ili ndi mwayi wambiri mkati, kuswa kwabwino, bulaki kugwa mwangozi, woyera kutsatira m'bowo, wofooka atha kuwina. Magemu akachuluka mwayi umachepa luso n'kuonekera. Tiyerekeze kuti munthu amakudya magemu 6 pa 10 aliwonse. Pa gemu imodzi mwayi wake ndi 60 pa 100, koma mukati woyamba kufika 5 umakwera kufika pafupifupi 73 pa 100. Ndiye mlendo amene wakhala akuluza gemu imodziimodzi kenako n'kunena kuti izi zikuchedwetsa, tiyeni woyamba kufika 5 kapena 7 pa ndalama yokulirapo, wakuuza yekha kuti amadzidalira pati. Woluza weniweni sapempha mtunda wautali.

Ngati ukuseweradi, muonerere kaye akusewera ndi ena magemu awiri atatu iwe uli chikhalire, ukuyang'ana woyera monga ndanenera pamwambapa. Ndalama yoti ukhoza kuluza uipatule usanagwire ndodo, ina yonse ikhale kwina, ndipo ikatha yapatulidwayo usabwereke kwa anzako kapena kupinyolitsa foni. Mtengo umene mwayambira ukhale womwewo mpaka kumapeto, kaya ukuwina kaya ukuluza. Ndipo akakupatsa poyambira iwe usanapemphe, monga kuti chotsani mipira yanu iwiri tisanayambe, usathokoze msanga. Mu 8-ball kuchotsa mipira yako kumamutsegulira iyeyo njira, ndipo iwe umatsala ndi yochepa yosankhapo. Ngati akufunadi kukupatsa poyambira, muuze akupatse magemu, woyamba kufika 5 iwe uyambire pa 2, kapena akulole kuti uziswa ndiwe gemu iliyonse, uone ngati avomere.