Chifukwa chake njanji ya katundu imakakamira m'mbali mwa mtsinje

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji njanji zambiri za katundu zimalondola mtsinje m'malo mongodula molunjika, komanso ngati zinthu zasintha masiku ano. Nkhani yonse yagona pa chitunda. Gudumu lachitsulo limagudubuzika mopepuka pa njanji malo akakhala athyathyathya, koma njanjiyo ikangokwera mita 1 pa mamita 100 alionse, tani iliyonse imafuna mphamvu yowonjezera yofanana ndi yonyamulira makilogalamu 10. Werengani nokha pa sitima ya matani 10,000. Madzi anasema kalekale njira yotsika pang'onopang'ono pakati pa mapiri, ndiye oyeza njira ankangowatsata. Komanso kale injini ya nthunzi inkamwa madzi ochuluka, ndipo matauni okhala ndi katundu anali m'mbali mwa mitsinje momwemo.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi chigwa cha mitsinje ya Fraser ndi Thompson ku Canada. Njanji ya Canadian Pacific anayamba kuiboola m'chigwembe cha Fraser mu 1880, ndipo yonse inatha mu 1885. Ntchito yoopsa kwambiri, yophwanya matanthwe ndi mabomba, inagwiridwa ndi anthu ochokera ku China pa malipiro ochepa kuposa a azungu, ndipo mazanamazana anatsikira kulichete m'maphompho amenewo. Tikamasirira milatho ya kumeneko tisamawaiwale anthuwa. Kampani ya Canadian Northern itabwera pambuyo pake inapeza gombe labwino latengedwa kale, ndiye inangoyala njanji yake tsidya linalo n'kumaliza mu 1915. N'chifukwa chake ku Cisco, pafupi ndi tauni ya Lytton, njanji ziwirizi zimasinthana magombe, iliyonse pa mlatho wake. Mtsinje wa Fraser nawo unavulala: mu 1914 miyala yogumuka chifukwa cha ntchitoyi inatsekereza madzi pa malo opapatiza otchedwa Hells Gate, nsomba za salmon zambirimbiri n'kulephera kukwera kukaswana.

Zasintha ndi zambiri ndithu. Mabuleki a mpweya a George Westinghouse, amene anatulukira mu 1869, asanafalikire pa sitima za katundu, anthu ankathamanga pamwamba pa mabogi sitima ili mkati moyenda, n'kumapotokola chiwongolero cha buleki pa bogi lililonse, kaya kuli mvula kaya chisanu. Lero injini za dizilo zimaikidwa kutsogolo, pakati ndi kumbuyo kwa sitima yotalika makilomita oposa 2, woyendetsa mmodzi n'kumazilamula zonse pa wailesi. Zimenezi zimathandiza kwambiri pokhota, chifukwa kukoka kuchokera kutsogolo kokha kukhoza kuzula mabogi opepuka pa njanji. Pansi pa matanthwe amamangapo mpanda wa mawaya: mwala ukagwa n'kudula waya, nyali zimayaka zochenjeza woyendetsa asanafike pamalopo.

Chinanso chanzeru n'chakuti kuyambira cha m'ma 2000 makampani awiri opikisanawa, Canadian Pacific ndi CN (Canadian National, imene inatenga njanji ya Canadian Northern ija), anagwirizana kubwerekana njanji m'chigwembemo. Sitima zonse zolowera ku doko la Vancouver, zambiri zolemedwa ndi tirigu, malasha ndi potash (mchere wopangira feteleza), zimadzera njanji ya CN, zobwerera zimadzera inayo. Palibenso kudikirana pa malo opatukirana.

Koma njira yeniyeniyo sinasunthe, ndipo ine ndikuona kuti sidzasuntha msanga, chifukwa kuboola ina m'mapiri amenewo kungadye ndalama zosaneneka. Ndiye mavuto a m'chigwa amakhalapobe. Mu November 2021 mvula yamphamvu inakokolola njanji zonse ziwiri nthawi imodzi, doko la Vancouver n'kukhala masiku angapo losalumikizana ndi dziko lonse pa njanji. Ku Germany nakonso, kugumuka kwa thanthwe pafupi ndi Kestert mu March 2021 kunatseka njanji ya gombe lakumanja la mtsinje wa Rhine kwa milungu ingapo, sitima za katundu n'kumapanikizana pa njanji ya tsidya lina ndi njira zina zozungulira.