Mukafika ku Cape Town, nsomba za kuno muziyamba mwafunsa

Mphwanga wafika sabata yatha, ndipo funso lake loyamba linali lakuti kodi snoek ndi mcheni womwe uja wa ku Nkhata Bay? Tsiku lomwelo ndinamva kuti mnyamata wina wakwathu ali m'chitokosi chifukwa cha chikwama chomwe sanachitsegule n'komwe. Ndiye tamverani, inu obwera kumene.

Choyamba, ndipo chachikulu ndi chimenechi. Munthu akakupatsani chikwama chonyowa ku Hout Bay kapena ku Gansbaai, amvekere "kangondisiyira pa renki, ndikupatsa ya mowa", kanani. Nthawi zambiri mumakhala perlemoen, nkhono ya m'nyanja yomwe anthu amaba usiku n'kukaigulitsa kunja. Apolisi safunsa kuti mwini wake ndani, amagwira amene wanyamula. Kwa inu a masiku otha m'pasipoti, nkhaniyo imakathera ku Lindela, kumene amasungako anthu oti abwezedwe kwawo. Kreef, mtundu wa nkhanu ya m'nyanja, nayonso ili ndi nyengo yake ndi chilolezo chake, si usipa woti aliyense n'kuwola.

Chachiwiri, snoek. Kutalika ndi mano yafanana ndi mcheni, inde, koma musanalipire idineni ndi chala. Chala chikalowa ngati mwadina nthochi yakupsa, isiyeni, imeneyo amati pap snoek. Ine chaka changa choyamba ndinagula yathunthu pa bakkie (galimoto ya pikiapu), ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Nditaiteleka ndi tomato ndi anyezi inasungunuka, mumphika munangotsala phala ndi minga yaitali ngati masingano. Mawa lake wogulitsayo anangondiseka, ati bwanji sindinaidine. Mpaka lero ndikamuona ndimadutsa tsidya lina la msewu. Eni ake amaiwotcha pamakala ataipaka jamu wa apricot. Nsomba ndi jamu! Ndinazolowera, koma ndi nsima siziyenda.

Mussels, tinkhono ta m'miyala ya m'mbali mwa nyanja, musatole nokha. Madzi akafiira, zomwe amati red tide, zimakhala ndi poizoni, ndipo ngakhale muziwiritse mpaka madzulo sachoka.

Pa Lachisanu Loyera aneba adzakupatsani pickled fish, nsomba yogona mu viniga, curry ndi anyezi. Imadyedwa yozizira, ndi buledi kapena hot cross bun. Ine ndinaitenthetsa, mayi amene anandipatsayo anagwira pakamwa. Gatsby, buledi wamtali wodzaza ndi tchipisi ndi nyama kapena nsomba, musagule nokhanokha, imodzi imakwana anthu anayi.

Chachitatu kaya chachisanu, ndasiya kuwerenga: anzathu omwe. "Chambo ya ku Mangochi" yomwe mukuiona mufiriji, yambiri ndi tilapia yowetedwa m'madamu, sinaione nyanja yathu. Ndipo thiransipota amene ndinam'tuma usipa mwezi wa Juni, anandibweretsera chigoba chosadzadza, pansi mchenga wokhawokha, n'kumati zina anatenga a pa boda ya Beitbridge. Ndalama yanga sanabweze, foni sakuyankha, koma Lamlungu ndinamuona kutchalitchi atakhala kutsogolo.